Mphoto ipite kwa yani? Kusankha ongodzipereka othandiza anthu aulumali wa mu ubongo ku Mchinji

Kumayambiriro kwa Disembala kuli masiku awiri oyandikana. Pa 3 ndi tsiku lokumbukira anthu aulumali pa dziko lonse, pa 5 ndi tsiku la anthu ogwira ntchito mongodzipereka. Kuyandikana kumeneku kumapatsa maganizo makomiti a chitukuko, mipingo ndi mabungwe kuti pa mwambo umodzi athokozeretu mavolontiya amene amayenda m'makomo mwa anthu aulumali wa mu ubongo. Kupeza njinga kapena satifiketi yoti apereke si kovuta kwenikweni. Chovuta n'kudziwa woyenera kulandira.

Volontiya wobzala mitengo mumapita kukawerenga mitengo yake. Wokonza mjigo, madzi akatuluka aliyense waona. Koma amene wakhala akuyendera mtsikana wa zaka 9 yemwe ankadzinyowetsa tsiku ndi tsiku, ndipo tsopano amakoka chitenje cha mayi ake akafuna kuchimbudzi, alibe choti aloze pagulu. Ntchitoyo yachitikira kuseri kwa nyumba, yatenga miyezi yambiri, ndipo banjalo silingalole kuti inenedwe pa chinkuzamawu. Mphoto ikakonzedwa mosaganizira zimenezi imagwera wodziwa kuyankhula pamisonkhano, mnansi wa wapampando, kapena amene amaoneka pa zithunzi za bungwe atanyamula mwana.

Anthu ake ndi ati

Komiti iyambe yamvana kaye za anthu amene ikunena, apo ayi mafomu abwera osakanikirana. Ulumali umenewu umayamba munthu ali mwana, ndipo umakhudza zinthu ziwiri pamodzi: kugwira zatsopano m'mutu, ndi kudzichitira za tsiku ndi tsiku monga kusamba, kuvala, kuwerenga ndalama ndi kudziteteza. Ena umawakhudza pang'ono moti amalima, amamanga banja, amangosokonekera pa chenji ndi pa zolembalemba. Ena amafuna munthu pafupi usana ndi usiku.

Si misala. Matenda a misala amatha kumugwira munthu atakula kale bwinobwino ndipo ali ndi mankhwala ake, pamene ulumaliwu ulibe mapiritsi ouchotsa; chimene chimathandiza ndi kuphunzitsa. Si khunyunso, ngakhale ambiri ali nazo zonse ziwiri. Mwana wouma kapena wolobodoka ziwalo chibadwire akhoza kulephera kuyankhula nzeru zake zili zonse. Wina amaoneka wosagwira m'kalasi chonsecho vuto ndi makutu, wina ndi wochenjera pa zonse koma zilembo zokha ndizo zimamusokonekera. Komiti ikhoza kusankha kuti mphotoyo ikhudze onsewa, palibe cholakwika, koma ilembe zimenezo mafomu asanatuluke.

Zoyambitsa zake zambiri azachipatala amazidziwa: mwana kubanika pobadwa chifukwa mayi anachedwa kuchira, chikasu chachikulu m'masiku oyamba, malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kunyentchera, kusowa kwa ayodini m'thupi la mayi, mowa pa nthawi ya pakati, ndi Down syndrome, pamene mwana amabadwa ndi chromosome 21 yowonjezera. Nthawi zina ngakhale madokotala sapeza chifukwa. M'mudzi mpata umenewu umadzazidwa ndi mphekesera zoti bambo anamukhwimira mwanayo kuti golosale iyende kapena fodya achite bwino. Banja lonenedwa chonchi limatsekera mwana m'nyumba, ndipo volontiya amatha miyezi ingapo akungofuna kuti amulole kukhala pakhonde. Zimenezinso ndi ntchito, ndipo woweruza mphoto ayenera kuziwerengera.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo Mchinji inali ndi anthu opitirira 600,000. Pa malamulo sitili m'mbuyo. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, anakhazikitsa lamulo lake mu 2012, ndipo mu 2024 kunabwera lina latsopano limene linasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA. Mu Febuluwale 2014, Joyce Banda ali mtsogoleri wa dziko, ku Lilongwe kunachitika msonkhano wa atsogoleri a mu Africa wokambirana za ulumali mogwirizana ndi Special Olympics, bungwe la masewera a anthu aulumali wa mu ubongo. Koma aphunzitsi amene amaphunzira ntchito yophunzitsa ana aulumali ku koleji ya Montfort ku Nguludi ndi ochepa poyerekeza ndi sukulu zathu, ndipo mphunzitsi mmodzi sangayende khomo ndi khomo kuchokera ku Mkanda mpaka ku Waliranji. Otsala ndi ntchitoyo ndi alezi a kumkombaphala, amayi a mother group, makolo a m'magulu ngati a PODCAM, makochi a masewera, akumpingo ndi akumzikiti, ndi a m'makomiti a Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene inayambira kuno ku Mchinji mu 2006. Osankhidwa ambiri achokera m'magulu amenewa.

Wothandiza bwino amaoneka ngati waulesi

Pano ndi pamene makomiti ambiri amaphonya. Volontiya amene amafika m'mawa, kumusambitsa mwana, kumuveka, kumudyetsa, kuchapa zofunda n'kumapita, mudzi wonse umamutama. Wakhetsadi thukuta. Koma pakatha zaka zitatu mwanayo amakhala akudikirabe munthu woti amuveke, ndipo volontiyayo akasamuka banja limabwerera pamene linali.

Wodziwa ntchito amachita mosiyana. Tiyerekeze kuti akuphunzitsa mnyamata kuvala tisheti. Amasankha yokulirapo, yopanda mabatani, n'kugawa ntchitoyo m'zigawo zisanu: kuiyala pamphasa chakutsogolo chili pansi, kulowetsa mutu, mkono umodzi, mkono winawo, ndi kukokera pansi. Sayambira pa chigawo choyamba. Amamuchitira zinayi zoyambazo, tisheti n'kutsala itakwinyika pachifuwa, kenako amagwira manja a mnyamatayo, kuwaika pa mpendero, nanena mawu amodzi: "Koka." Ikatsika amamuyamikira pompo, osadikira. Pakapita masiku amasiya kugwira manja, amangokhudza chigongono. Kenako amangonena mawuwo. Mnyamatayo akamakoka yekha osauzidwa, ndiye amabwerera chigawo chimodzi m'mbuyo, kumusiyira mkono womalizawo. Kuyambira kumapeto kuli ndi chifukwa chake: mwanayo ndiye amamaliza ntchito nthawi zonse, ndipo amaona ndi maso ake kuti wavala.

Phunziro lotere silipitirira mphindi 10 kapena 15, limachitika pa nthawi yovala yeniyeni, ndipo mawu sasinthasintha. Lero "koka", mawa "tsitsa", mkuja "vala bwino", mwana amasokonezeka. N'chifukwa chake volontiya wabwino amathera nthawi yambiri akuonetsa mayi, agogo kapena mlongo wake wa mwanayo, poti iwo ndiwo ali naye masiku ena asanu ndi limodzi. Wodutsa pamsewu angaone munthu atakhala pamphasa manja atapinda, mwana akulimbana ndi tisheti. Mphoto yokonzedwa bwino iyenera kumupeza munthu ameneyo.

Pali zinanso zimene volontiya wotere amadziwa ndipo zimafunsika mosavuta. Munthu akagwa khunyu amamuchotsa pafupi ndi moto kapena madzi, amaika chofewa kumutu, samupanikiza, samuika supuni kapena chala m'kamwa, ndipo kugwedezeka kukatha amamugoneka chammbali. Amadziwa kuti kukapitirira mphindi 5 ndi nkhani ya kuchipatala, kuti thovu la m'kamwa silipatsirana matendawo, ndi kuti kusiya mankhwala mwadzidzidzi n'koopsa. Amayang'ana m'buku la kuchipatala tsiku lokatenga mankhwala ena asanathe.

Kutchula mayina

Mwambo ukakhala wa Disembala, ntchito iyambe mu Ogasiti. Masabata anayi akhale olandira mayina, awiri osefa, Okutobala yense woyendera makomo, ndipo Novembala woweruza ndi kugula mphoto. Kuchedwa kumakugwetsani m'mvula, anthu ali kumunda kukabzala mtedza ndi soya, misewu ya fumbi yolowera kumidzi italowa matope.

Fomu ikhale ya tsamba limodzi, m'Chichewa, ya mafunso osapitirira asanu ndi limodzi: dzina ndi mudzi wa volontiya, anayamba liti, amathandiza angati, amachita chiyani akafika, chasintha n'chiyani, ndi anthu awiri amene angachitire umboni. Mayina a anthu aulumaliwo asalembedwe pa fomu yoyambayi, chifukwa imadutsa m'manja ambiri. Kutchula pakamwa kuloledwe. Mayi amene amadziwa bwino ntchito ya volontiya kawirikawiri ndi yemwe anasiya sukulu msanga, ndipo ngati njira ili yolemba yokha mayina onse achokera kwa aphunzitsi ndi alembi a mipingo. Mlangizi wa zaumoyo pa tsiku la sikelo, mphunzitsi wamkulu, kapena mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) akhoza kumulembera n'kumuwerengera zimene walemba. Uthenga upite ku tchalitchi, ku mzikiti, pa misika ngati Kamwendo ndi Kapiri, ndi pa wailesi ya Mudzi Wathu, ndipo unene tsiku lotseka.

Munthu asadzitchule yekha, asatchulidwenso ndi mkazi kapena mwamuna wake. Mfumu itsimikize kuti munthuyo ndi wa m'mudzimo ndipo alibe milandu yodziwika, koma isasankhe. Mukangonena kuti "a gulupu aliyense atipatse dzina limodzi", mphotoyo yasanduka ngati mndandanda wa makuponi.

Kunja kuli mphoto zoti n'kuoneramo. Ku Britain kuli King's Award for Voluntary Service, imene inayamba mu 2002 pamene Mfumukazi Elizabeth II inkakwanitsa zaka 50 ili pampando. Imapita kwa magulu, osati munthu mmodzi. Gululo liyenera kukhala litagwira ntchito zaka zosachepera zitatu, wolitchula asakhale wa m'gulumo, pamafunika makalata awiri aumboni, ndipo oimira mfumu m'deralo amakaliyendera. Opambana amalandira satifiketi ndi chikumbutso chagalasi, ndalama ayi. Zoti n'kutengapo ndi ziwiri: malire a zaka, ndi kuyendera. Kwathu kuno zaka ziwiri zosadukiza n'zokwanira, chifukwa zimasefa amene anayamba dzana atamva kuti kukubwera njinga. Zosapereka kanthu kogwirika zokhazo sizingatiyenere, poti volontiya wathu amasiya munda wake kuti akayendere ana a eni.

Mafunso awiri amabutsa mkangano chaka chilichonse, ndiye ayankhidwiretu. Loyamba ndi la amene amalandira kangachepe kuchokera ku bungwe. Ndalama ya thiransipoti kapena ya sopo simuchotsa munthu pa uvolontiya. Malipiro a mwezi ndi mwezi olembedwa pa kontilakiti amamuchotsa. Lachiwiri ndi la makolo. Mayi wolera mwana wake waulumali amagwira ntchito yoposa ya volontiya aliyense, koma sanachite kusankha, ndipo kupikisanitsa makolo kuti wolera bwino ndani n'chipongwe kwa otsalawo. Kholo lilowe mu mpikisano pa zimene limachitira mabanja ena, monga kutsogolera gulu la makolo kapena kuperekeza anzake ku chipatala cha pa boma.

Kukaona ndi maso

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Fomu yolembedwa bwino imangosonyeza kuti wolembayo amadziwa kulemba. Komiti ikasefa n'kutsala ndi mayina 10 kapena 12, aliyense ayenderedwe ndi anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, osachokera m'dera la gulupu yemweyo. Pa volontiya mmodzi afike makomo atatu. Awiri asankhe oyenderawo pa mndandanda wa makomo onse, limodzi asankhe volontiya mwini wake. Banja lipemphedwe chilolezo pasadakhale, koma volontiya asauzidwe tsiku, ndipo asakhalepo pofunsa.

Funso loti "amakuthandizani bwino?" n'lotaya nthawi. Palibe Mmalawi amene anganyoze mlendo wake pamaso pa alendo ena, makamaka akuganiza kuti mwina mwabwera ndi thandizo. Nenani poyamba kuti simukulemba mayina a zolandira. Kenako funsani zogwirika: "Mayi, ndi chiyani chimene mwanayu akuchita lero chimene sankachita nthawi yokolola chaka chatha?" "Anabwera liti komaliza, ndipo anachita chiyani?" "Mu Januwale ndi Febuluwale, njala ili mkati, ankafika?" "Anakuonetsani chiyani choti muzichita iwo kulibe? Tationetsani." Funso lomalizali limaulula zambiri. Ngati mayi adzuka n'kukuonetsani mmene amagwirira dzanja la mwana potema nsima, ndiye kuti luso latsala pakhomopo. Funsaninso mofatsa ngati anayamba apatsapo volontiyayo nkhuku, ndalama kapena ganyu waulere.

Munthu waulumali mwini wake afunsidwenso, ndipo apa pamafunika luso. Anthu ambiri aulumali wa mu ubongo anazolowera kuvomera chilichonse chimene wamkulu wanena, ndipo mukawapatsa zinthu ziwiri zoti asankhe amabwereza chimene mwamalizira. Njira yake ndi kufunsa kawiri mosinthanitsa. Poyamba: "Amabwera m'mawa kapena madzulo?" Pakapita kanthawi: "Amabwera madzulo kapena m'mawa?" Akasankha chomalizira maulendo onse awiri, yankholo lisalembedwe ngati umboni, ndipo muyese njira ina. Katoni yojambulidwa nkhope zitatu, yosekerera, yachete ndi yolira, imathandiza, bola muyambe mwaiyesa pa zinthu zodziwika, monga chakudya chimene amakonda ndi jakisoni. Khalani pansi mofanana naye, funso limodzi pa nthawi, ndipo dikirani ngakhale masekondi 10 musanabwereze. Achibale amathamangira kumuyankhira. Apempheni mwaulemu kuti adikire. Akakhala wamkulu muyankhuleni ngati wamkulu: "Achimwene, mukakhala ndi aphunzitsi anu aja mumachita chiyani?" Bambo wa zaka 30 si "iwe" chifukwa choti sawerenga.

Kwa amene sayankhula, oyendera abwerenso tsiku limene volontiya ali pa ntchito, angokhala chapatali. Volontiya akatulukira, kodi munthuyo amamuyandikira kapena amakabisala? Dzanja likakwezedwa, amadzidzimuka n'kuphimba kumutu?

Mbali imeneyi si yongokwaniritsa mwambo. Ana ndi akulu aulumali wa mu ubongo amachitidwa nkhanza kwambiri kuposa anzawo, kuphatikizapo kugwiriridwa, chifukwa ochita zoipawo amadziwa kuti sanganene, kapena akanena sakhulupiriridwa. Mphoto imamupatsa munthu dzina lotsegula makomo. Ikapita kwa wolakwika, komiti yamupatsa kiyi. Choncho mayina onse otsala apite mwachinsinsi kwa a ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma, kwa woteteza ana wa m'deralo ndi ku Victim Support Unit ya polisi, kufunsa ngati pali dandaulo. Zizindikiro zokayikitsa n'zodziwika: volontiya wokonda kutengera mwana kunyumba kwake ali yekha, wosunga ndalama kapena khadi ya Mtukula Pakhomo ya banjalo, ndi amene "amaphunzitsa ntchito" potenga mnyamata kukathothola mtedza, kusoka fodya kapena kuweta mbuzi kwake osamulipira. Kuphunzitsa ulimi n'kwabwino, koma funsani kuti zokololazo zimalowa m'nkhokwe ya yani. Oyendera akamva zoopsa asayambe kuzenga mlandu pakhomopo, ndipo asazisiyire bwalo la mfumu. Akanene kwa azachisamaliro kapena kupolisi tsiku lomwelo. Nambala yaulere ya 116 ilipo pa nkhani za ana.

Kugawa malikisi

Oweruza asanu ndi awiri ndi okwanira: munthu waulumali wa mu ubongo limodzi ndi womuthandiza kumva zokambidwa, kholo, mphunzitsi wa maphunziro apadera, wazaumoyo, wazachisamaliro cha anthu, woimira mabungwe a anthu aulumali monga a pansi pa FEDOMA, ndi mmodzi woimira mafumu kapena zipembedzo. Woyambayo asakhale wongokongoletsa tebulo. Nkhani ya wosankhidwa aliyense aifotokozeredwe dzulo lake m'mawu achidule, ndipo voti yake ilemere ngati ya ena onse. Khansala ndi phungu akhoza kudzapereka mphoto, koma asalowe m'chipinda choweruzira. Amene ali pachibale, pampingo umodzi kapena pabungwe limodzi ndi wosankhidwa atuluke dzinalo likamakambidwa.

Kagawidwe kamene kamagwira ntchito pa malikisi 100 ndi aka. Kusintha kwa moyo wa wothandizidwa kutenge 35. Kusadukiza, kuphatikizapo miyezi ya njala, 20. Ulemu ndi chitetezo 20, ndipo wopeza ochepera theka pamenepa agwe ngakhale kwinako atakhoza bwanji. Kusiya luso m'banja ndi mwa mavolontiya ena 15. Kulumikiza banja ndi sukulu, chipatala ndi ofesi za boma 10. Mapepala afike kwa oweruza ali ndi manambala m'malo mwa mayina, ndipo aliyense alembe malikisi ake payekha asanayambe kukambirana. Mukayamba ndi kukambirana, wa udindo waukulu akangoyankhula onse amatsatira. Pamene awiri asiyana ndi malikisi oposa 20, abwerere ku zimene oyendera analemba.

Muona kuti chiwerengero cha anthu othandizidwa chilibe malikisi akeake, ndipo n'zadala. Munthu amene amalima ndi kulera ana ake sangayendere bwino makomo 40 pa sabata. Wonena chiwerengero chotere nthawi zambiri amatanthauza kuti anawalemba m'kaundula. Makomo asanu kapena asanu ndi atatu oyenderedwa mokhazikika ndi ntchito yaikulu kale. Chinanso, kusintha kuyezedwe poyerekeza ndi pamene munthuyo anayambira, osati ndi mwana wa khomo lina. Mwana wa ulumali wochepa akhoza kulowa Sitandade 1 n'kuyamba kulemba dzina lake m'chaka chimodzi, pamene wa ulumali waukulu m'chaka chomwecho waphunzira kugwira kapu. Mukapereka malikisi ambiri kwa woyambayo, chaka chamawa mavolontiya onse adzathawa makomo ovuta.

Kope ya volontiya, momwe amalemba tsiku, khomo ndi zimene anachita, ndi umboni wabwino, koma isakhale chokakamiza. Ena olimbikira kwambiri salemba. Ndipo kope imene masiku a chaka chonse alembedwa ndi bolopeni imodzi, yoyera ngati yagulidwa dzulo, yadziulula yokha.

Mphoto yake ikhale chiyani

Njinga yakapalasa imafunidwa kwambiri chifukwa imachepetsa mtunda ndipo imanyamula mwana kupita ku chipatala. Iperekedwe ndi pampu, machubu awiri, matayala apadera ndi zomatira, apo ayi pofika Epulo idzakhala itatsamira khoma. Chinenedwe poyera kuti ndi ya munthuyo, si ya komiti, kuti asamalandidwe ndi aliyense wopita kumaliro. Jombo, chovala cha mvula ndi nyali ya sola ndi zotsika mtengo koma zimagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Satifiketi yosainidwa ndi bwanamkubwa kapena mkulu wa zachisamaliro, yonena zaka zimene munthu wagwira ndi ntchito yake, achinyamata amaisunga chifukwa imawathandiza pofunsira ntchito kapena sukulu. Maphunziro a masiku angapo ndi akatswiri ndi mphoto imene phindu lake limafika kwa ana.

Ndalama zili ndi mavuto ake. Zikalengezedwa pagulu, wolandirayo amafika kunyumba angongole ndi achibale atamudikirira kale. Ngati zilipo zitumizidwe pa Airtel Money kapena Mpamba, pa nambala ya mwini wake, ndipo kuchuluka kwake kusatchulidwe pa mwambo. Mayi amene foni yake imakhala ndi mwamuna afunsidwe payekha njira imene akufuna.

Vuto lalikulu ndi nsanje. M'gulu la alezi 10 ogwira ntchito imodzi, mmodzi akalandira njinga otsalawo amati "azigwira yemweyo wamphotoyo", ndipo sukulu ya mkombaphalayo (CBCC) ikhoza kutsekedwa Januwale asanathe. Pofuna kupewa zimenezi pakhale mphoto ziwiri kapena zitatu zokha za munthu payekha ndi imodzi ya gulu, ya zinthu zogwiritsa onse monga mphasa, mapoto ndi zidole zophunzitsira. Aliyense amene anatchulidwa n'kutsimikizidwa alandire kalata yothokoza, dzina lake liwerengedwe. Wopambana adikire zaka zitatu asanalowenso. Magulu a mphoto asachulukenso mpaka aliyense wa pa mndandanda apeze yake, chifukwa zikatero sikusankhanso.

Bajeti nayo imatha kuthera pa mwambo. Tenti, zinkuzamawu, mafuta a galimoto za alendo, ma alawansi ndi chakudya cha a patebulo lapamwamba zimadya ndalama yoposa ya mphoto zonse. Lamulo losavuta ndi kugawa patatu: gawo limodzi kuyendera makomo, lina mphoto, lotsala mwambo. Ndalama ikachepa, choyamba kudula ndi mwambo.

Tsiku lake ndi pambuyo pake

Mwambo usapitirire maola awiri, ukhale pamthunzi, chimbudzi chili pafupi. Ana ena, makamaka a autism (vuto limene limachititsa mwana kuvutika kulumikizana ndi anthu), phokoso la zinkuzamawu limawapweteka. Masipika atsitsidwe ndipo pakhale kachipinda kachete kopumira. Ana asaimiritsidwe pamzere kuti alendo aone "amene timawathandiza". Woyendetsa mwambo auzidwiretu mawu oti asatuluke pakamwa pake, monga chitsiru, chidzete ndi wozerezeka, ngakhale mwanthabwala, ndipo nkhani za kuchimbudzi kapena za nkhanza zisanenedwe ndi dzina la munthu. Chithunzi chisapite pa Facebook kapena WhatsApp popanda chilolezo cha mwini wake ndi womusamalira, ndipo wokana asataye kalikonse. Mphoto ikaperekedwa ndi munthu waulumali mwini wake, atafuna yekha, mwambowo umamveka bwino kuposa ikaperekedwa ndi mlendo wochokera ku Lilongwe amene wamva dzinalo m'mawa womwewo.

Zimene zimachitika mwambo ukatha n'zodziwikiratu. Wopambana amatumiziridwa mwana aliyense wovuta m'dera lonse, amaitanidwa ku misonkhano yonse, ndipo makomo ake akale amayamba kumusowa. Ena mabungwe amawatenga n'kuwalemba ntchito kwina, zomwe n'zabwino kwa iwo koma zimasiya mpata. Komiti igwirizane naye chiwerengero cha makomo chimene sangapitirire, imupatse mavolontiya awiri atsopano oti aziyenda naye, ndipo imuyenderenso mu Juni.

Mafomu ndi zolemba za oyendera zisatayidwe kapena kusiyidwa m'kabati ya sukulu yosakiya. M'menemo muli makomo amene ofesi za boma sizinawadziwe: ana a msinkhu wa sukulu amene sanalembetsedwe, a khunyu amene sali pa mankhwala, ndi mabanja amene angayenere Mtukula Pakhomo. Mabanjawo akavomera, mndandanda wa ana upite kwa mlangizi wa sukulu za pulayimale (PEA) ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera wa zoni imeneyo teremu yachiwiri isanayambe mu Januwale, wa odwala upite kwa mlangizi wa zaumoyo, ndipo mapepala enieniwo asungidwe ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, komwe komiti ya chaka chamawa idzawasainire powatenga.